Magulu a zakudya anawaloweza, koma phala likadali lamadzi

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Dedza amene amayang'anira magulu a amayi ophunzitsana za kadyedwe, aja timawatcha ma care group. Akuti: "Chaka chino n'chachisanu ndikuphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Amayi a m'dera langa angawatchule ngakhale mutawadzutsa pakati pa usiku, ndipo nyimbo yake amaiimba ndi nthungululu. Koma ndikafika pakhomo pawo mosayembekezereka, ndimapeza mwana akumwa phala lamadzi la ufa woyera, lothira mchere basi. Kodi alipo kafukufuku wosonyeza kuti kuphunzitsa kumasinthadi kadyedwe ka anthu, kapena tikungotha nsapato pachabe?"

Mayi, nsapato zanu sizikuthera pachabe, koma zimene mwaonazo n'zenizeni, ndipo ofufuza akhala akulimbana nazo kwa zaka zoposa 80. Kuphunzitsa kumasintha msanga zimene munthu amayankha akafunsidwa. Zimene amaika mumphika zimasintha mochedwa, nthawi zina osasintha n'komwe. Mphika uli ndi eni ake ambiri. Alipo wogwira mthiko, alipo wosunga ndalama, alipo wolamula nkhokwe, komanso agogo amene analera ana asanu ndi atatu ndi phala lomwelo lamadzi, onse n'kukula. Phunziro lofika kwa mmodzi yekha mwa anthu amenewa limathera panjira.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nyama inkasowa ku America chifukwa yambiri inkapita kwa asilikali. Boma linafuna kuti mabanja azidya zam'kati, monga mitima ndi impso, zomwe ambiri kumeneko ankanyansidwa nazo. Ife tikanangoseka, poti kuno zam'kati ndiye zimayamba kutha pa chiwaya. Katswiri wina wa khalidwe la anthu, Kurt Lewin, anagawa amayi pawiri. Ena anawakhazika pansi n'kuwalalikira ubwino wa zam'kati m'thupi, kutchipa kwake ndi kaphikidwe kake. Enawo anawasiya kuti akambirane okha, aliyense anene chomwe chingamulepheretse, kaya ndi fungo, kaya ndi abambo a kunyumba, ndipo pomaliza anafunsidwa kuti amene akayesere kuphika akweze dzanja. Atawatsatira, mwa olalikidwa aja ophika anali 3 mwa 100 alionse, pomwe mwa okambirana aja anali 32 mwa 100. Magulu ake anali aang'ono, ndipo kafukufuku wa masiku ano amachitika mosamala kuposa pamenepo, koma zomwe anapezazo zakhala zikubwerezeka m'maiko ambiri.

Pali msampha wina umene umatikola ife ofufuza, ndipo inunso umakukolani polemba malipoti. Mukafunsa mayi amene mwamuphunzitsa kwa zaka zitatu kuti mwana anadya chiyani dzulo, iye amadziwa kale yankho lomwe likusangalatseni. Ndi ulemu umene umamuyankhitsa, poti mlendo samukhumudwitsa. Ndinakhalapo pakhonde lina m'chigawo chapakati, mwezi wa Febuluwale, ndikulemba mayankho a mayi wachitsikana. Ananditchulira bwinobwino: phala lansinjiro m'mawa, nsima ya usipa masana, nthochi chakumadzulo. Tili m'kati mocheza, mwana wake wamkulu anatulukira ndi mbale m'manja n'kufunsa ngati lero kuphikidwe nsima, poti dzulo anagonera nkhwani. Mayi uja anangozolika, inenso ndinatseka kope langa. N'chifukwa chake kafukufuku wodalirika sakhutira ndi mayankho okha. Amayerekeza midzi yophunzitsidwa ndi yosaphunzitsidwa, yosankhidwa mwamaere, amapima ana pa sikelo ndi pa thabwa loyezera msinkhu, nthawi zina amayeza ndi magazi omwe, ndiponso amasamala nyengo. Mukapima koyamba mu Januwale, kachiwiri mu Juni anthu atakolola, ntchito iliyonse imaoneka ngati yachita zozizwitsa.

Kafukufuku wotere wachitikapo kwathu konkuno. Ku Kasungu ndi ku Mzimba, midzi ina inalandira thandizo la ulimi lokha, ina inalandira la ulimi pamodzi ndi maphunziro a kadyetsedwe ka ana, ophunzira akuphika okha. Zotsatira zinatuluka mu 2017. Ana a m'midzi yophunzitsidwa ankadya zakudya zamitundumitundu kuposa anzawo, koma pa msinkhu panalibe kusiyana koonekeratu. Ena atamva izi anagwa mphwayi, ine ayi. Kupinimbira kumayambira m'mimba, ndipo kumakokedwa ndi zambiri: malungo, kutsegula m'mimba, kubereka usanakhwime, kubereka pafupipafupi. Nsinjiro za miyezi ingapo sizingafafanize zonsezi. Monga dziko, tinatsitsa kupinimbira kuchoka pa ana 47 mwa 100 mu 2010 kufika pa 37 mu 2015-16, komabe kafukufuku yemweyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, 8 okha mwa 100 ndiwo ankadya kokwanira patsiku komanso zamitundu yokwanira. Ngati ntchito yanu ikusuntha nambala ya ana odya mokwanirayi m'midzi mwanu, musaipeputse.

Chothandiza kwina sichithandiza kulikonse, ndipo chimene chimandikumbutsa zimenezi ndi dzira. Ku Ecuador, m'midzi ya kumapiri, ofufuza anapatsa ana dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi 6, ndipo mu 2017 analengeza kuti kupinimbira kunatsika pafupifupi ndi theka. Akatswiri a zakudya tonse tinasekerera. Zomwezo anazibwereza ku Mangochi, ku Lungwena ndi ku Malindi, pa ana 660 a miyezi 6 mpaka 9. Mazira ana anadyadi, koma msinkhu wawo sunasiyane ndi wa anzawo osalandira. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anapereka n'chakuti ana a m'mbali mwa nyanja ankadya kale nsomba, choncho dzira silinakwirire dzenje lalikulu ngati la ku Ecuador. Dziralo silinalakwe. Kungoti poyambira penipeni ndi kufunsa kuti m'mudzi muno, m'mbale ya mwana mukusowa chiyani, nanga chikusowa chifukwa chiyani. Yankho la ku Malindi silingakhale la ku Linthipe. Kwanuko mbatatesi, nyemba, tomato ndi kabichi zimachita kuunjikana m'mphepete mwa msewu wa M1, komabe pa kafukufuku wa 2015-16 Dedza anali m'gulu la maboma amene kupinimbira kunkaposa chiwerengero cha dziko lonse. Chakudya chilipo, koma chimakwera galimoto.

Phala lamadzi lomwe mwatchulalo nalonso lili ndi zifukwa zake, ndipo sizifanana nyumba ndi nyumba. Wina amaopa kuti phala lolimba limutsamwa mwana kapena limumanga m'mimba. Wina ufa watsala pang'ono, ndiye akuutambasula ndi madzi. Wina akuthamangira kudimba, ndipo phala lomwetsa limatha msanga kusiyana ndi lodyetsa ndi supuni. Winanso amaona mgaiwa ngati chizindikiro cha umphawi, ufa woyera ngati ulemu wa pakhomo. Amayi anayi amenewa nyimbo amaiimba mofanana, koma aliyense akufunika kucheza naye mosiyana.

Njira imene ndimaikonda kwambiri inayesedwa ku Vietnam. Mu 1990, Jerry Sternin ndi mkazi wake Monique anapita kumeneko ndi bungwe la Save the Children, ndipo akuluakulu a boma anawapatsa miyezi 6 yokha kuti aonetse zipatso. M'midzi ya m'chigawo cha Thanh Hoa, ana pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali onyentchera, ndipo ndalama zogawira chakudya panalibe. Iwo pamodzi ndi eni midzi anapima ana onse, kenako anafunsana ngati alipo mabanja osaukitsitsa amene ana awo ali athanzi. Analipo ndithu. Atakakhala pafupi ndi mafuwa a mabanja amenewo, anaona zinthu zing'onozing'ono. Amayiwo ankatola tinkhanu ndi tizamoyo tina ta m'madzi m'minda ya mpunga n'kuthira m'chakudya cha mwana pamodzi ndi kholowa, zinthu zimene anansi awo ankati n'zosayenera ana. Ankadyetsa mwana katatu kapena kanayi patsiku m'malo mwa kawiri, ndipo ankamudyetsa okha, osangomusiyira mbale.

Apa ndi pamene ambiri a ife tikanalakwitsa. Tikanaitanitsa msonkhano kwa amfumu n'kulengeza kuti chinsinsi chapezeka, ndi nkhanu. Iwo sanatero. Anakonza zoti amayi a ana onyentchera azikumana tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri pakhomo pa mnzawo, kuphika ndi kudyetsa ana limodzi, ndipo chiphaso cholowera chinali kadzanja ka tinkhanu ndi masamba zotola wekha. Pomatha masabata awiriwo, miyendo inali itazolowera njira ya kumunda wa mpunga, ndipo mayi ankadzionera yekha sikelo ikukwera. Ofufuza atabwererako patapita zaka anapeza kuti ngakhale ang'ono awo a ana aja, obadwa ntchitoyo itatha kale, ankakula bwino kuposa ana a m'midzi ina.

M'dera lanu mabanja oterowo alipo. Alipo mayi wosauka ngati anzake amene amasinja bonya n'kusunga m'kabotolo, kumathira supuni imodzi m'phala. Alipo amene amafutsa nkhwani ndi khwanya nthawi ya dzinja, ndiponso amene amapatsa mwana kambale kakekake kuti asamalimbirane ndiwo ndi akulu ake. Ameneyo akalankhula, palibe angamuyankhe kuti inu mukutero poti mumalandira alawansi.

Tsopano za agogo ndi abambo. Ku Ekwendeni, kuyambira mu 2000, alimi, ogwira ntchito pa chipatala cha mishoni ndi ofufuza, mmodzi mwa iwo Rachel Bezner Kerr, anayamba kulimbikitsa kubzala nandolo, mtedza ndi soya pofuna kubwezeretsa chonde komanso kudyetsa ana. Mbewu zinabereka, koma sizinalowe zokha m'phala la mwana. Abambo ena ankagulitsa zokololazo, ndipo amayi achitsikana ankamva zina kusikelo, zina kwa apongozi awo. Agogo ndiwo ankalamula kuti khanda limwe madzi a zitsamba otchedwa mzuwula ndi dawale komanso kaphala kamadzi miyezi 6 isanakwane. Ntchitoyo inasintha njira. Anayamba kukhazika pamodzi agogo, abambo ndi amayi kuti akambirane za kuyamwitsa, za kugulitsa mbewu ndi za kugawana ntchito za pakhomo, komanso anakhazikitsa masiku ophika pamodzi pomwe abambo nawo ankagwira mthiko. Mu 2011 anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti ana a m'midzi yomwe inakhalitsa m'ntchitoyi ndi kutengapo mbali kwambiri ankakula bwino kuposa anzawo. Zinatenga zaka zingapo kuti zioneke.

Kumpotoko agogo olamula ndi amake a bambo, poti mkazi ndiye amapita kwa mwamuna. Kwanu kwa chikamwini, kawirikawiri amene ali pafupi ndi mphika ndi amake a mayi ndi achemwali awo. Dziwani wamphamvu m'mudzi uliwonse, ndipo zikhulupiriro zawo musafulumire kuzinyoza. Agogo akanena kuti mwana wotupa mapazi ndi masaya watsemphedwa, kapena kuti woyembekezera akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi, inu n'kuwaseka pagulu, ndiye kuti mwadzitsekera khomo la nyumba imeneyo. Ndinamvapo mlangizi wina wanzeru akuti, agogo, za tsemphozo mukambirana monga banja, koma mwanayu tiyeni tipite naye kuchipatala lero lomwe. Agogowo ndi amene anabereka mwanayo kumbuyo.

Ku Mchinji, ntchito ya MaiMwana inkatumiza amayi odzipereka kukayendera anzawo oyembekezera ndi oyamwitsa m'makomo, osawapatsa kanthu kena koma uphungu. Kuyamwitsa mwakathithi kunakwera. Akatswiri a zachuma atafufuza mabanja a m'midzi yomweyo anapeza kuti ankadya kwambiri zakudya zomanga thupi, ndipo abambo anali atawonjezera ntchito zopezera ndalama. Ine ndimaona kuti mphamvu yake inali poti uphunguwo unkachitikira pakhomo, pomwe bambo angamve, pamene kusikelo ambiri sapondako n'komwe. Ma care group omwe mukuyang'anirawo anayambira ku Gaza ku Mozambique mu 1995 ndi bungwe la World Relief, ndipo msana wake unali womwewu: mayi mmodzi kuyendera nyumba za anansi ake ochepa, kawirikawiri. Ndaona m'madera angapo maulendo a m'makomowa atazilala, n'kutsala msonkhano wa pansi pa mtengo ndi tchati. Zikatero dzina lokha ndilo latsala.

Koma tisanamizane, zilipo nyumba zimene vuto lake ndi umphawi weniweni. Kuuza mayi amene wachokera kuganyu ndi kambale ka madeya kuti adyetse mwana magulu asanu ndi limodzi n'kumutonza. Ku Bangladesh, pakati pa 2012 ndi 2014, mabungwe oona za chakudya a IFPRI ndi WFP anayesa izi mwachindunji. Amayi osauka ena ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi, ena chakudya, ena ndalama pamodzi ndi maphunziro a sabata ndi sabata omwe apongozi ndi amuna awo ankaitanidwako. Ndalama zokha sizinatsitse kupinimbira, chakudya chokhanso sichinatsitse. Ndalama pamodzi ndi maphunziro zinatsitsa ndi ana pafupifupi 8 pa 100 alionse m'zaka ziwiri zokha. Kwa inu zikutanthauza kuti mawu anu amagwira kwambiri tsiku limene m'thumba muli kanthu, monga sabata yolandira Mtukula Pakhomo, mwezi wogawana ku banki m'khonde, kapena nyengo yokumba mbatatesi. Nkhani yosiya thumba limodzi la mtedza kapena la soya losagulitsa ikambidwe mu Epulo ndi Meyi, mavenda asanapachike masikelo awo, abambo ali pomwepo. Mu Januwale imakhala nkhani yongokumbutsana chisoni.

Kuchuluka kwa maphunziro nakonso sikutsimikiza kanthu. Ku Zambezia ku Mozambique komanso ku Uganda, chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, anagawa mbewu ya mbatata yofiira m'kati, ija ya vitamini A, n'kuyerekeza midzi yophunzitsidwa kwambiri zaka zonse ndi yophunzitsidwa kwambiri chaka choyamba chokha. Zotsatira zinafanana, konse anthu anabzala ndipo ana anadya. Mbatata anthu ankaidya kale, mbewu inafika m'manja, ana anakonda kutsekemera kwake. Kuno tili ndi mitundu ngati Zondeni, Anaakwanire ndi Kadyaubwerere, ndipo ndimaseka ndekha kuti dzina la Kadyaubwerere limakopa anthu kuposa tchati chilichonse chimene ndinajambulitsapo. Ku Trujillo ku Peru, ogwira ntchito m'zipatala anasiya mauthenga ambirimbiri n'kugwira atatu okha: chakudya cha mwana chikhale cholimba, muthiremo chiwindi cha nkhuku, dzira kapena nsomba, ndipo mumudyetse mwachikondi ndi modekha. Ankaphika moonetsa, ndipo aliyense pachipatala ankanena zomwezo. Ana atafika miyezi 18, opinimbira anali 5 mwa 100, pamene kumene sanatero anali 16 mwa 100. Apa ndi pamene ndimaikayikira nyimbo yathu ija. Magulu asanu ndi limodzi ndi othandiza kwa mlangizi pokonza phunziro, koma samuuza mayi chochita mawa m'mawa moto ukayaka.

Funso lanu ndi la ana, koma ndidutseko kwa akuluakulu, poti shuga ndi kuthamanga kwa magazi zafika kale ndi kumidzi komwe. Ku North Karelia ku Finland, amuna ankafa ndi matenda a mtima akadali a msinkhu wogwira ntchito. Kuyambira mu 1972, dokotala Pekka Puska ndi anzake sanadalire timapepala tokha. Anagwira ntchito ndi bungwe la amayi la Martha, midzi inkapikisana kutsitsa mafuta a m'magazi, opanga soseji ndi buledi ananyengereredwa kuchepetsa mafuta ndi mchere, ndipo alimi a ng'ombe za mkaka anathandizidwa kuyamba kulima zipatso. Patatha zaka 40, imfa za mtima pakati pa amuna a msinkhu umenewo zinali zitatsika ndi 80 pa 100 n'kupitirira, ngakhale kusiya fodya ndi mankhwala atsopano zinathandizapo. Ku America anayesa zofananako m'zaka za m'ma 1980 m'mizinda ya ku California, Minnesota ndi Rhode Island, koma kusiyana ndi mizinda yoyerekezera kunali kochepa. Zina zimasintha popanda kuphunzitsa kwenikweni. Ku Britain mchere umene munthu amadya patsiku unatsika kuchoka pa magalamu 9.5 mu 2003 kufika pa 8.1 mu 2011, makamaka chifukwa makampani ankauchepetsa pang'onopang'ono m'zakudya zogula, ndipo South Africa inaika malire a mchere m'buledi ndi zakudya zina mwalamulo kuyambira mu 2016. Kuno ayodini mumchere ndi vitamini A mu shuga ndi m'mafuta ophikira zinalowa m'makomo popanda wina kuziimbira nyimbo. Zimenezo ndi ntchito ya boma, musadzisenzetse.

Ndikanakhala inu, mayi, nyimboyo ndikanaisiya ikhale yotsegulira msonkhano. Ndikanasankha zinthu ziwiri zokha nyengo ino, phala lolimba ndi kanthu kamodzi kothiramo kopezeka m'mudzimo, kaya nsinjiro, kaya bonya wosinja, kaya ufa wa soya. Ndikanafufuza amayi awiri kapena atatu osauka amene ana awo akukwera bwino pa khadi la kusikelo, kuti iwowo ndiwo aziphika pamaso pa anzawo, aliyense atabweretsa chake cha kunyumba, agogo atakhala pamphasa yapatsogolo. Pomaliza aliyense anene pamaso pa anzake chimene akayesere sabata imeneyo, ndipo pamsonkhano wotsatira muyambe ndi kufunsa amene zinawakanika kuti chinavuta n'chiyani.

Mukapita kukawaona, musawafunsenso kuti magulu a zakudya alipo angati. Fikani cha m'ma 7 koloko m'mawa, mphika uli pamafuwa, mupemphe supuni, mutunge phala la mwanayo n'kuipendeketsa. Lembani m'kope mwanu kuti ndi nyumba zingati zimene phala linakakamira pa supuni mwezi uno, ndipo mudzawerengenso mwezi ngati womwewu chaka chamawa.